Mphenzi ya m'Kabati ya ku Paulington

A Taison ankanola masowo. Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata pafamu ya mitengo ya paini kumapiri a Penhalonga, kumene bambo awo anafikira kuchokera ku Dedza kudzakumba mumgodi. Famuyo italandidwa m'chaka cha 2002, iwo sanapatsidwe malo ngakhale okwana khola la nkhuku, chifukwa ankawerengedwa ngati mlendo, chonsecho mchombo wawo unagwera komweko. Anatsikira mumzinda wa Mutare ndi mkazi wawo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Joice, n'kupeza zipinda za lendi ku Sakubva. Ntchito anaipeza ku Paulington, pamalo ochekera matabwa a munthu wina dzina lake Phillip, ndipo anakhalapo mpaka imvi zinadzaza mutu. Mkazi wawo anamwalira iwo ali pantchito yomweyo.

Joice anaphunzira za magetsi ku koleji. Pofika chaka cha 2019 ankagwira ntchito pakampani ina yaing'ono yoika masola m'nyumba za anthu opeza bwino ku Murambi ndi ku Darlington, ndipo ntchito inali yosatha, chifukwa chaka chimenecho magetsi ankavuta kwambiri. Ankazima m'bandakucha n'kubwera anthu atagona kale.

Ku Paulington, tsiku limene magetsi alakwitsa n'kuyaka masana, a Phillip ankathamangitsa antchito ngati nyumba ikupsa. "Chekani! Chekani asanapite!" Mmodzi mwa othamangitsidwawo anali Chrispen, bambo wa ana awiri wochokera kwa Zimunya, wamphamvu zake koma wopupuluma. Lolemba lina m'mwezi wa Juni analowetsa pamakina chipika chimene chinali ndi msomali, osachiyang'ana, ndipo sowo imene a Taison anali atangomaliza kunola inaguluka mano. A Taison anaitola, kuitembenuza uku ndi uku, n'kunena m'Chishona anthu onse akumva:

"Iwe Chrispen, phuma lakoli. Uchaona."

Mawu amenewa, otanthauza kuti udzaona, amayankhulidwa ndi aliyense mu Mutare. Mayi amauza mwana wake, kondakitala amauza wokwera. Chrispen anangoseka n'kuti, "Pepani, Sekuru," kutanthauza agogo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lachitatu magetsi anayaka m'mawa n'kuzima dzuwa lili paliwombo. Kuseri kwa shedi yamakina kunali kabati yachitsulo yaitali kuposa munthu. M'kati mwake munali makapasita, zitini zazitali zondondozana zimene zimathandiza mamota akuluakulu kukoka magetsi bwino. Chitini chimodzi chinali chitatupa ndipo chinkanunkha chopserera. A Phillip anaitana Chrispen n'kumupatsa sipanala.

"Poti azima, kachotse chotupacho. Fulumira, mwina abweranso."

Chrispen anakwera pamgolo, kutsegula kabati, kuika sipanala panati. Kunamveka kuphulika ngati mfuti, ndipo kuwala kobiriwira kunang'anima mpaka pabwalo. Anzake anamupeza ali pansi pakati pa zipika, dzanja lamanja litapsa, phewa litathyoka, magazi akutuluka kumutu. Sipanala inali itasungunuka mbali imodzi. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo, ndipo Paulington yense analibe magetsi.

Galimoto yopita naye kuchipatala isanatuluke n'komwe pageti, wina anali atakumbukira kale mawu a Lolemba aja.

Joice sanamve kanthu mpaka tsiku lotsatira. Anaweruka msanga, ndipo atafika kunyumba anapeza bambo ake atakhala pampando panja, nthawi imene anayenera kukhala kuntchito. Galasi la zenera lawo linali litasweka, mwala uli pansi pake.

"Ababa, kwagwanji?"

Anamufotokozera pang'onopang'ono, maso ali pamanja awo. Anati m'mawa atafika kuntchito palibe amene anawayankha moni. Amene ankamwa nawo tiyi anasuntha makapu awo. Wina analavula pansi n'kutchula mawu akuti mubhurandaya, dzina lonyoza limene amatchulira anthu ochokera ku Malawi, ngakhale amene sanauonepo mzinda wa Blantyre. Ena ankanong'onezana za mheni, mphenzi yochita kutumiza. Kenako a Phillip anawaitanira mu ofesi n'kuwauza kuti ayambe akhala kaye kunyumba mpaka mitima ya anthu itazizira. Mwalawo unabwera masana. Ndipo mwini nyumba, amake Kudakwashe, anali atadutsa kale kudzanena kuti zipindazo akuzifuna mwezi ukatha, poti m'bale wawo akubwera kuchokera kumudzi.

"M'bale wake uti? Takhala pano kuyambira ndili kusekondale, m'bale ameneyo anali kuti?" Joice anaponya chikwama chake chazida pansi. "Nanga inu munawayankha chiyani a Phillip?"

"Ndikanayankha chiyani? Ndinavula ovolosi n'kubwera."

"Osanena kanthu?"

"Mwanawe, ndikakana ndi mawu okweza anena kuti ndikuwaopseza. Ndikakhala chete anena kuti ndavomera. Ndasankha chosatopetsa."

Joice anayenda mpaka pampanda n'kubwerera. Kenako anafunsa kuti Chrispen anavulalira pati kwenikweni, ndipo atangomva za kabati ya zitini anaima chilili.

"Anayeza kaye ndi mita? Anavala magolovesi?"

"Sipanala basi."

"Ababa, palibe mphenzi apa. Zitini zimenezo zimasunga magetsi. A khonsolo akatseka madzi, mgolo umene tinatungira suuma, eti? Ndi chimodzimodzi. Magetsi akazima, kabati ija imadzidula yokha kumawaya ena onse, ndiye zimene zitini zinamwa zimatsala momwemo, kudikira munthu woti azigwire. Aliyense amene anaphunzira za magetsi amadziwa zimenezi chaka choyamba."

"A Phillip anaphunzira," anatero a Taison motsitsa. "Anali wa zamagetsi pafakitale ina isanatsekedwe."

Zimenezo Joice ankazidziwa kale, ndipo n'zimene zinamutentha pachifuwa.

Loweruka m'mawa anakwera phiri kupita ku Murambi. Nyumba ya a Phillip ankaidziwa bwino, chifukwa masola amene anali padenga pake anaika ndi iye. Anawapeza pakhonde akumwa tiyi, wailesi ikuimba ndi magetsi a masola omwewo. Anamulandira ndi nkhope yachisoni, kumukokera mpando, kufunsa za moyo wa bambo ake. Joice sanakhale.

"Bwana, m'kabati muja mumayenera kukhala maresisita, otaya magetsi otsalira pang'onopang'ono. Alimo?"

A Phillip anaika kapu pansi. Anayang'ana kugeti ngati wina angamve.

"Anapsa," anatero. "Chaka chatha. Ndinkafuna kuitanitsa ena, koma ukudziwa mmene zinthu zilili, chilichonse n'chochokera kunja. Kenako ndinaiwala. Tsiku lija mutu wanga unali pa oda ya matabwa. Ndinaiwala, Joice."

"Ndiye kauzeni anthu."

"Ndiwauze chiyani? Ndikaime pamaso pa abale a Chrispen ndinene kuti ndinamutuma ndine? Andiwotchera matabwa onse. A boma akamva atseka malo aja, mabanja onse aja akhala opanda chodya. Ganiza bwino. Bambo ako ndi munthu wamkulu, apume pang'ono. Anthu amaiwala."

"Amaiwala? Anthu amene anaiwala kuti agogo anga anachokera ku Malawi ndi ati? Agogo ali m'manda ku Penhalonga, koma ife mpaka lero ndife mabhurandaya."

"Ine sindinanenepo kuti bambo ako ndi mfiti. Pakamwa panga sipanatuluke mawu amenewo."

"Simunanene, inde. Mwangowasiya anene ena, inu n'kubisala kumbuyo kwawo. Amene akuponya miyalawo sadziwa kuti kapasita n'chiyani, ndipo ndikhoza kuwamvera chisoni. Koma inu mukudziwa. Munthu wakunolerani masowo kuyambira tsitsi lake lili lakuda, lero mwamuika pakati pa inu ndi moto ngati chitseko."

A Phillip anasintha nkhope. Anati Joice asaiwale kuti makasitomala ambiri a kampani imene ankagwirako ndi anzawo a iwo, ndipo mawu amodzi okha akhoza kumutsekera mageti onse a ku Murambi. Joice anawayang'ana, kuyang'ana masola padenga, n'kutuluka osatsanzika.

Anapita molunjika kuchipatala. Pakhomo la wodi anakumana ndi mayi wochepa thupi, wa maso ofiira chifukwa chosagona, atanyamula beseni la zovala. Anali Nyengeterai, mkazi wa Chrispen, amene ankagulitsa masamba kumsika wa Sakubva. Anamuzindikira Joice nthawi yomweyo ndipo anaima pakati pa khomo.

"Sulowa. Mwatumidwa kudzamaliza?"

"Amayi, ndabwera kudzakuuzani chimene chinavulaza amuna anu. Ndi magetsi."

"Magetsi ati? Ine ndinali kumsika tsiku limenelo. Firiji yamubutchala inali yozima, chigayo chinali chete. Amuna anga sakukumbuka chilichonse, akungoti anaona kuwala. Tsopano iwe undiuze, munthu amapsa bwanji ndi magetsi amene kulibe?"

Funsolo linali labwino, ndipo Joice anaona kuti mawu okha sangaliyankhe pakhomo la wodi, kwa mkazi amene mwamuna wake wagona m'kati atamangidwa mabandeji.

"Lolemba, nthawi ya tiyi, mubwere pageti la kuntchito kwawo," anatero. "Mudzaone ndi maso anu. Mukadzaona n'kunenabe kuti ndi bambo anga, ndidzakusiyani."

Lolemba anabwereka galimoto yakuntchito, kumbuyo kwake kuli masola angapo amene ankayenera kukaika madzulo ake. Mlonda anamukaniza kulowa, nati walamulidwa. Joice anaimika galimotoyo kunja kwenikweni kwa geti n'kutsitsa chitseko chakumbuyo. Magetsi anali atazima, antchito anali pabwalo akuwotha dzuwa ndi makapu awo, ndipo mmodzimmodzi anayamba kuyandikira. Nyengeterai anabwera ndi mlamu wake, mkulu wa Chrispen, munthu wamtali wovala mkanjo woyera wa mpingo wake. Anaima patali pang'ono.

Joice anayankhula m'Chishona, mokweza. Poyamba anatulutsa kapasita yakufa imene anaicheka pakati ndi sowo yachitsulo. Anakoka zam'kati mwake, ndipo zinatambasuka ngati bandeji yaitali yonyezimira.

"Onani. Muno mulibe mankhwala, mulibe mchira wa fisi. Muli timapepala tiwiri tachitsulo, topyapyala kuposa tokutira fodya, ndipo pakati pake pali pulasitiki kuti tisakhudzane. Mukalumikiza kumagetsi, mphamvu imaunjikana pakapepala kamodzi, pamene kanzake kamatsala kosowa. Mbali ziwirizi zimakokana, zimafuna kukumana, koma pulasitiki imakana. Ndiye zimakhala choncho, zokokana, ngakhale mutachotsa waya. Timapepalati tikakhala tatikulu, pulasitiki n'kukhala yopyapyala, zimasunga zambiri. N'chifukwa chake amazikulunga chonchi, kuti chinsalu chachikulu chikwane m'kachitini."

Anapatsira chinthucho kwa amene anali pafupi. Woyamba anabweza manja kumbuyo. Wachiwiri, dalaivala wachikulire wa thirakitala yonyamula zipika dzina lake Kumbirai, anachilandira, kuchinunkhiza, n'kuchipereka kwa mnzake.

Kenako Joice anavala magolovesi n'kutenga kapasita ina, yamoyo, yaikulu ngati botolo la mafuta ophikira. Anailumikiza kumasola aja kwa kanthawi, kuchotsa mawaya onse, kuinyamula n'kukaiika pachitsa chimene chinali pambali pa msewu, kutali ndi galimoto.

"Palibe waya, mwaona nonse. Paulington yense alibe magetsi. Malizani tiyi wanu."

Anthu anamwa tiyi maso ali pachitsa. Wina anaseka. Makapu atatha, Joice anatenga sikuludiraiva yaitali ya chigwiriro chapulasitiki, kuuza anthu kuti asunthe, n'kugunditsa chitsulo chake pamitu iwiri ya kapasita ija nthawi imodzi.

Phaa! Moto woyera unathetheka, anthu anadumphira m'mbuyo, kapu ya wina inagwa. Pansonga ya sikuludiraiva panatsala chibowo chakuda.

"Ichi n'chitini chimodzi, chodzazidwa ndi masola ochepa," anatero Joice. "M'kabati muja muli mzere wonse, wodzazidwa ndi magetsi oyendetsa makina. Chrispen anaikapo sipanala ndi dzanja lopanda kanthu."

Anaidzazanso kachiwiri, koma ulendo uno anamangirira kachinthu kakang'ono ngati nyemba pakati pa mitu ija, n'kuonetsa anthu mita, manambala akutsika mpaka kutha. Atagunditsa sikuludiraiva sipanachitike kanthu. Anati kachinthuko ndi resisita, ntchito yake ndi kutaya magetsi otsalira, ndipo kabati iliyonse yotere imayenera kukhala nato. Anati a m'kabati yawoyo anapsa chaka chatha, ndipo mwini wake akudziwa.

A Kumbirai anapukuta pakamwa n'kulowa m'geti, anthu ena atatu akuwatsatira. Posakhalitsa anabwerera.

"Pakabati pali loko watsopano," anatero. "Lachitatu panalibe loko."

Anthu anayang'anizana, ndipo Joice anaona kuti ena ayamba kumva. Koma mkulu wa Chrispen uja anakweza ndodo yake n'kuloza pachitsa.

"Mwaona nokha! Tinkati ndi mdala yekha, kani ndi banja lonse. Mwana wamkazi akunyamula mphenzi m'chitini masanasana, kuitulutsa pamene wafuna, kuitsekera pamene wafuna. Mukufunanso umboni wina?"

Ena anaseka, koma ena sanaseke. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pagetipo anasonkhanitsa katundu wake n'kusamukira tsidya lina la msewu.

Apa Joice analephera kudzigwira. Anavula magolovesi n'kuwamenyetsa pagalimoto.

"Chitini ichi chili mufiriji yanu! Chili muwailesi yanu, chili mufoni imene ili m'thumba la mkanjo wanuwo! Anachipanga ndi bambo anga? Mng'ono wanu anatumidwa kukagwira imfa ndi sipanala, amene anamutuma ali mu ofesi umo akusuzumira pazenera, inu mukulimbana ndi nkhalamba yonola masowo. Chifukwa chiyani? Chifukwa ndi yosavuta! Ilibe mudzi kuno, ilibe mfumu, ilibe abale oti akuthamangitseni. Bambo anga akanakhala ndi mphenzi, bwenzi atachoka pafamu paja atasenza mphasa pamutu? Bwenzi akukhala m'zipinda ziwiri za eni ake?"

Mawu ake anasasa. Katani ya pazenera la ofesi inagwedezeka n'kutsekeka. Pamene Joice ankayang'ana kumene kunaima Nyengeterai, anapeza atapita kale.

Sabata imeneyo amake Kudakwashe anabweranso kudzakumbutsa za zipinda. Kutchalitchi, benchi imene a Taison ankakhala inatsala ndi malo ambiri mbali zonse ziwiri. Makasitomala awiri a ku Murambi anaimbira foni abwana a Joice kuti atumize munthu wina.

Kenako tsiku lina masana, Joice akulongedza mbale m'makatoni, anamva kuodira. Anali Nyengeterai, ataima kunja kwa geti. Sanalowe. A Taison anali pampando wawo pakhonde, koma mayiyo sanawayang'ane.

"Amuna anga ayamba kukumbuka," anauza Joice. "Akuti sipanala anapatsidwa ndi bwana, ndipo anauzidwa kuti afulumire. Zala ziwiri sizikupindika, adokotala akuti mwina sizidzapindikanso. Bwana sanabwere n'kamodzi komwe kudzawaona. Ndikufuna kupita ku ofesi yoona za ngozi zapantchito, koma zamagetsizo sindingathe kuzifotokoza. Tipite limodzi."

"Yambani mwapereka moni kwa bambo anga."

Nyengeterai anayang'ana pansi. "Zimenezo n'zina."

"N'zina bwanji? Munaona ndi maso anu!"

"Ndinaona, ndipo ndikukhulupirira kuti chitini chimasunga magetsi. Koma chakhala m'kabati muja nthawi yonseyi osavulaza munthu. Bwanji chinadikira sabata imene iwo ananena mawu aja? Bwanji amuna anga, osati wina?"

"Chifukwa ndi amene anapatsidwa sipanala!"

Joice anatembenuka kuti alowe m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Koma bambo ake anamuitana, m'Chichewa, chimene mlendoyo sankamva.

"Joice, pita naye."

"Ababa, munthu akukuyesani mfiti ataima pageti lanu, ndiye ndikamuthandize?"

"Chrispen ali ndi ana awiri ndipo dzanja lapita. Komanso kabati ija ikadali pomwe paja. Mawa atumako wina."

Anapita. M'minibasi anakhala mpando umodzi, Joice akuyang'ana pazenera nsagwada zitalimba. Ku ofesi kuja anafotokoza zonse momveka, ndipo patapita masiku angapo, akuluakulu awiri a ku ofesiko anapita ku Paulington, kudulitsa loko uja, n'kupeza maresisita ali makala okhaokha. Malowo anatsekedwa mpaka kabati itakonzedwa, ndipo a Phillip analamulidwa kusamalira Chrispen. Koma m'masabata amene makina anali chete, antchito ena ankati wawadyetsa njala ndi mwana wa mubhurandaya. Atatsegulanso, a Phillip analemba ntchito wonola masowo wina. Kwa a Taison kunangobwera a Kumbirai okha, Lamlungu lina, atanyamula nthochi, n'kukhala nawo pakhonde kucheza za mpira.

Mwezi utatha a Taison ndi Joice anasamukira ku Darlington, m'kanyumba ka kuseri kwa mayi wina wamasiye amene Joice anamuikirapo masola. A Taison sanathe kukhala manja lende. Anakhoma kabenchi, kugula matupa atsopano, n'kupeza malo pansi pa mtengo pafupi ndi akalipentala a ku Sakubva, kumene ankanola masowo a pamanja, nkhwangwa ndi mipeni ya m'mabutchala. Akalipentala ena ankabwera. Ena ankadutsa patali ndi masowo awo obuntha.

Loweruka lina Joice anawabweretsera chakudya chamasana. Ali pomwepo panaima galimoto yonyezimira, ndipo munatuluka bambo wovala suti, wonunkhira mafuta okwera mtengo. Analibe sowo kapena mpeni. Anapereka moni mwaulemu kwambiri, kuwomba m'manja, kugwada pang'ono pafupi ndi benchi, n'kupempha kuti mtsikanayo asunthe kaye. A Taison anati ndi mwana wawo, anene zimene wabwerera.

Munthuyo anatsitsa mawu. Anati wamva mbiri yawo kuchokera kutali. Anati pali mnzake wina amene anachita naye bizinesi ya golide n'kumudyera masuku pamutu, ndipo makhoti akuchedwa. Sankafuna kuti afe ayi, koma angolawa pang'ono, monga anachitira wa ku Paulington uja. Anati chilichonse chimene Sekuru angatchule, iye ndi wokonzeka.

Joice anali atatsegula kale pakamwa kuti ayankhe. Koma bambo ake anaimirira, tupa ili m'manja, benchi n'kugwa chagada, masowo n'kumwazika pansi.

"Choka!" anakuwa. Anayamba m'Chishona koma mawu anathawira ku Chichewa. "Choka pano, chitsiru iwe! Ndakalamba ndikudya thukuta langa, sindinaphepo ngakhale galu wa munthu! Mwandichotsa pantchito, mwandichotsa m'nyumba, tsopano mukufuna mundilembe ganyu yopha anthu? Ndati choka!"

Bambo wa suti uja anabwerera chafutambuyo, kupunthwa pamuzu, kulowa m'galimoto n'kuthawa chitseko chisanatsekeke bwino. Akalipentala onse anali atasiya ntchito, akuyang'ana. A Taison anaimabe pomwepo akupuma mwabefu.

Joice anadzutsa benchi n'kuyamba kutola masowo mmodzimmodzi, kuwapukuta fumbi ndi m'mphepete mwa siketi yake. Kalipentala wina wachikulire anabwera kudzamuthandiza kutola. Kenako bambo ake anakhala pansi, kusamba m'manja, n'kufunsa kuti ndiwo zake n'chiyani.